Safunsa Anadya Phula, Koma Anamupatsa Chisa Ndani?

Mwambi wa "safunsa anadya phula" umanena za mlendo amene anapatsidwa chisa cha njuchi, ndipo chifukwa cha manyazi anameza zonse, uchi ndi phula lomwe. Kuyambira kalekale mlandu umagwera wodyayo. Wopereka chisa uja sanaitanidwepo kubwalo.

Masiku ano kwabadwa safunsa wina wotchedwa AI agent. Iyi ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imatumidwa ntchito, monga kulipiritsa kasitomala, ndipo imaigwira poitana mapulogalamu ena otchedwa zida. Mu Model Context Protocol, dongosolo limene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024, chida chimadziwika ndi dzina, mawu ofotokoza ntchito yake, komanso mndandanda wa zimene chimalandira wolembedwa mu JSON Schema. Mtumikiyu amadalira zimenezi basi. Wolemba chidacho sangamupeze, ndipo mnzake womutsina khutu alibe. Kusiyana kwake ndi mlendo uja n'kwakuti alibe manyazi: amameza phula molimba mtima, kenako n'kulemba lipoti loti uchi unali wokoma. Choncho kuyesa ubwino wa malangizo a chida ndiko kuzenga mlandu wopereka chisa.

Choyamba kuona ndi dzina. Zida ziwiri, china "search" china "find", zili ngati mapasa ovala malaya ofanana. Malangizo abwino amanena chimene chida chimachita, komanso nthawi imene sichiyenera kugwiritsidwa ntchito.

Phula lambiri limabisala m'miyeso. Kampani ya Stripe, imene imathandiza amalonda kulandira ndalama pa intaneti, imawerenga madola m'masenti: 100 ndi dola imodzi. Stripe inalemba zimenezi momveka. Koma munthu akapanga chida chake pamwamba pa Stripe n'kungolemba kuti "amount", mtumiki wouzidwa kulipiritsa madola 50 alemba 50, kasitomala alipira masenti 50 n'kupita kwawo akuimba mluzu. Masiku nawonso ndi msampha: 03/04/2025 ku London ndi pa 3 Epulo, ku New York ndi pa 4 Malichi. Mankhwala ake alipo kuyambira 1988, muyeso wa ISO 8601 umene umayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, koma chiganizo chimodzi chonena zimenezi olemba ambiri amachiona ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Matendawa si a makina okha. Mu Seputembala 1999 chombo cha NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika ku Mars, chifukwa pulogalamu ina inkapereka manambala a mphamvu m'mapaundi pamene inzake inkayembekezera ma newton. Opanga mapulogalamuwo anali akatswiri okhala ndi pakamwa ndi mafoni omwe.

Chotsatira ndi uthenga umene chida chimabweza zinthu zikalakwika. "Error 400" yokhayokha ili ngati kalaliki amene amangoti "bwerani mawa" osadzutsa mutu. Mtumiki amabweradi, ndi pepala lomwelo, kakhumi. Uthenga wabwino umatchula chimene chalakwika ndi kakonzedwe kake.

Kuchulutsa gaga m'diwa nakonso ndi mlandu. Malangizo a zida zonse amalowa m'malo ochepa amene mtumiki amasungiramo zowerenga, ndipo mawu aliwonse amalipiridwa. Chida chofotokozedwa ngati malangizo a ankhoswe otha dzuwa litalowa chimalanda malo a ntchito yeniyeni.

Pali zida zina zimene zimafufuta zinthu osabwezeka. Mu 2025 dongosolo lija linawonjezera zizindikiro monga readOnlyHint ndi destructiveHint, zosonyeza ngati chida chimangowerenga kapena chimawononga. Vuto n'lakuti amaziika ndi mwini chida yemweyo, ngati chikwangwani choti "galu uyu saluma" cholembedwa ndi galu. Mu Epulo chaka chomwecho ofufuza a Invariant Labs anaonetsa kuti munthu wachinyengo angabise malamulo m'mawu ofotokoza chida, mtumiki n'kuwamvera, mpaka kutumiza mafayilo achinsinsi kunja. Pamenepo chomezedwacho si phulanso, ndi tameki.

Njira yoyesera yodalirika siyowerenga malangizo n'kugwedeza mutu, chifukwa wolemba amadziwa kale zimene sanalembe. Oyesa amakonza ntchito zenizeni zingapo, amazipereka kwa mtumiki ali ndi malangizo okhawo, kenako amawerenga mbiri ya zonse zimene anachita: kangati anasankha chida cholakwika, kangati anatumiza nambala yosayenera, kangati anabwereza pachabe. Akapeza polakwika amasintha chiganizo chimodzi n'kuyesanso ndi ntchito zina zimene sanazigwiritsepo ntchito pokonza, kuopa kuti malangizo angaloweze mayeso ngati mwana wa Sitandade 8.