Nyemba za Lamlungu

M'matauni mwabuka mwambo. Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi, mbaula imayaka mpaka dzuwa kulowa: nyemba mphika wathunthu, nkhuku, nkhwani wotendera, zonse n'kuzigawa m'timakontena ta majarini ndi ayisikilimu, n'kuzilonga m'firiza kuti zikwane sabata yonse. Nzeru yake ndi yomveka. Nyemba zimadya makala, ndipo thumba la makala masiku ano silisekedwa.

Vuto n'loti chakudya chikauma gwa, chonse chimakhala nkhope imodzi, ndipo palibe amene amalemba pachivundikiro. Mwana amatsegula kontena ya ayisikilimu malovu ali chuchuchu, n'kupeza mutu wa chambo ukumuyang'ana. Bambo amasungunula chimene akuti ndi nyama ya mbuzi, mapeto ake n'kudyera nsima tomato yekhayekha, ali duu.

Kuzizira kwa madigiri 18 pansi pa ziro sikupha tizilombo toyambitsa matenda ayi, kumangotigoneka tulo. Magetsi akazima, tizilomboto timadzuka ndi njala. Akadaulo amati firiza yodzaza bwino, yosatsegulidwa, imasunga chisanu maola pafupifupi 48. Akadaulowo sanakhalepo m'nyumba ya ana anayi, momwe aliyense amatsegula chitseko cha firiza kuti aone ngati magetsi ayaka.

Nsima yokha ndiyo yakana kulowa chipanichi. Mukaisungunula imachucha madzi n'kuyamba kunyenyeka, ndiye mthiko sunapumebe.

Ndipo apongozi akabwera kuchokera kumudzi n'kuyamikira nyembazo, chonde musawauze kuti zinaphikidwa mwezi watha. Ingonenani kuti munalawirira.