Nanga za m'mimba mwake akufunsa ndani?

Pali zimene zikundizunguza mutu, ndipo ndati ndifunse kwa odziwa. Pafupi ndi kwathu, pano pa Boma la Mulanje, pali kamnyamata ka zaka zisanu komwe sikanayambe kuyankhula. Adokotala anati ndi autism, ndipo bungwe la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse amakhala nayo. Ena akuti anamulodza, ena akuti bambo ake anakhwimira geni. Onsewo akukamba za mutu wake. Koma ine ndimamuona akugona chafufumimba pasimenti yozizira, akukanikiza mimba pansi, uku akudziluma dzanja. Amadzimbidwa masiku angapo, kenako n'kutsegula m'mimba. Kodi mwana wosayankhula amanena bwanji kuti m'mimba mukupota? Kulirako sikungakhale kunena kwake?

Mu 2014 magazini ya madokotala a ana ya Pediatrics inasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti mavuto a m'mimba amagwira ana a autism pafupifupi kanayi kuposa anzawo. Kanayi! Nanga bwanji ife tikangomva kukuwa timati ndi khalidwe lake basi?

Ndiye pali nkhani ya Candida. Ndi kayisiti komwe kamayeretsa m'kamwa mwa khanda, kaja amaperekera nystatin kapena kupaka GV. Akuti kamakhala m'matumbo mwa anthu ambiri abwinobwino osawadwalitsa. Mu 2017 akatswiri a ku Italy anayeza chimbudzi cha anthu a autism ndipo anakapeza kochulukirapo kusiyana ndi mwa ena. Apa m'pamene ndasokonezeka. Kodi kayisitiko ndi kamene kakuvutitsa mwana, kapena kangopeza malo poti m'mimbamo zinthu zinasokonekera kale?

Ndikufunsa chifukwa mwanayu amangofuna mandasi ndi tiyi wa shuga wambiri. Nandolo ayi, chigwada ayi, chinanazi cha pa Chitakale akangochinunkhiza amachitaya. Ku Australia mu 2021 anayeza ana 247 ndipo anaona kuti kusankha zakudya kotereku ndiko kumasintha tizilombo ta m'matumbo, osati kuti tizilomboto ndi timene timabweretsa autism. Ndiye tiyambire pa mbale kapena pa mankhwala? Komanso amayi ake, mwachikondi ndithu, akangoona kuti watsegula m'mimba amathamangira Bactrim wa pagolosale. Poti mankhwala oterewa amapha ndi mabakiteriya abwino omwe, Candida n'kupeza danga lochulukana, kodi sitikuthirira ndife udzu umene tikufuna kuzula?

Za kutupa kwa matumbo nazo akuti zimayezeka. M'chimbudzi amafufuzamo calprotectin, yomwe imakwera matumbo akatupa. Koma kuno nawo ana osakhala a autism amavutika ndi njoka za m'mimba ndi madzi osatetezeka. Tingasiyanitse bwanji popanda kuyeza? Mu 2013 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa mapasa 317 awiriawiri a kuno ku Malawi, amene chimbudzi cha ena mwa iwo chinakayezedwa ku America pofuna kumvetsa matenda a kwashiorkor. Ngati zinatheka kwa mapasawo, sizingathekenso kwa ana athu a autism, amene amadya nsima ndi chinangwa osati zakudya za ku Italy?

Amayi a mwana uja anthu ena awauza kale kuti agule mankhwala "otsuka fangasi" kuti mwana ayankhule. Palibe umboni woti kupha Candida kumachiza autism, ndipo ndalamayo ndi ya ndiwo. Koma kudzimbidwa kuli ndi mankhwala, njoka za m'mimba zimatha ndi albendazole. Kodi pa sikelo, pamene alangizi a zaumoyo akulemba kulemera kwa mwana m'buku, sangawonjezere funso limodzi kwa mayi wa mwana wosayankhula, loti kuchimbudzi akupita bwanji?