Mphenzi, Seva ndi Makina a Kapinga

Randburg, Johannesburg

Achimwene,

Amayi muwauze kuti bulangeti lija ndinagula, likungodikira munthu wokhulupirika wokwera basi pa Park Station, ndipo munthu wotereyo sindinamupezebe.

Ndamva kuti kumudziko kwabuka mbiri yoti ndine bwana wa makompyuta. Musaitsutse, isiyeni iyende. Koma inu nokha dziwani kuti ntchito ikadali yomwe ija: kutchetcha kapinga, kutulutsa mabini ndi kusunga makiyi a mpanda wa nyumba zambiri umene kuno amati complex. Chawonjezeka ndi kiyi imodzi, ya kachipinda ka pageti momwe mumakhala seva ya makamera. Kuno khoma lililonse lili ndi waya wamagetsi pamwamba ndi kamera pakona, ndipo zonse zimene makamerawo aona zimathera m'kabokosi kakuda m'kachipindamo. Ine ndimakapukuta fumbi, kakayamba kulira ndimaimbira mnyamata wa kampani ya makamera.

Kabokosika nkadyera. Kamera imodzi yojambula bwino imatha kumeza magigabaiti 20 mpaka 40 patsiku. Disiki ikadzaza, seva sifunsa munthu, imangofufuta zakale nkulemba zatsopano pamwamba pake. Za miyezi yapitayi, ngati palibe amene anazikopera pena, ndiye zapita basi.

Mvula ya kuno imabwera masana, ndi mphenzi zosaseka ndi munthu. Posachedwapa ina inagwa pafupi ndi khoma lathu, nkutsata waya wa kamera mpaka m'kachipinda muja. Tinali nayo UPS, batire limene eni nyumba anagula mu 2023 pamene load shedding inafika posauzana. Koma UPS imalonda khomo la magetsi, pomwe mlendoyu analowera kuseri. Nditatsegula chitseko, chinandilonjera ndi fungo la pulasitiki wopsa.

M'mawa mwake, madamu wa nyumba yakumapeto, uja wa tiagalu tovala majuzi, anapeza kuti makina awo otchetchera kapinga m'galaja mulibe. Nanga pa complex yonse amadziwa kuliza makina otere ndani? Palibe ananena kuti ndaba, ayi. Ankangondipatsa moni wautali, wofunsa ngati ndili ndi m'bale amene wayamba bizinesi ya kapinga. Ine mtima unali utafika kale ku Lindela, kosungira alendo oti abwezedwe kwawo, ndikudziona ndikutsika basi pa Wenela ndi jumbo imodzi m'manja.

Tcheyamani wa komiti ya eni nyumba anati tisavutike, tili ndi backup. Ananena chifuwa chili patsogolo, poti ndalama zake anasainira ndi iyeyo. Mnyamata wa makamera anabwera ndi laputopu, tonse nkuunjikana m'kachipinda, madamu ndi amuna awo omwe.

Anayamba kumasula seva. Munali madisiki awiri olemba zofanana nthawi imodzi, amati RAID, kuti imodzi ikafa inzake ipitirize. Onse anapsera limodzi, poti ankagona m'bokosi limodzi. Mnyamatayo anati zimenezo zimathandiza disiki ikafa ndi ukalamba, koma pa mphenzi, mbava kapena munthu wofufuta molakwitsa, awiriwo amapitira pamodzi.

Tinasamukira kuofesi ya tcheyamani, komwe kunali disiki ina yoti izilandira makope usiku uliwonse. Kanyali kake kobiriwira kankaphethira mokhulupirika, moti tcheyamani ankakaonetsa alendo. Titatsegula, fayilo yomaliza inali ya chaka chatha. Wina anasintha pasiwedi ya seva, kukopera nkuima tsiku lomwelo, ndipo chiyambire panalibe amene anayesapo kutsegula vidiyo ngakhale imodzi kuti aone ngati ilimodi. Mukukumbukira nkhokwe ya amalume chaka chija, yooneka yodzaza mpaka kudenga, koma titapasula tinapeza anankafumbwe atatigayira kale? Nkhope ya tcheyamani inali ya amalume tsiku limene lija.

Chinandiombola ndi chinthu chimene komiti inkafuna kuchichotsa ati nchodula. Kamera ya pageti yokha imatumizanso zithunzi zake pa intaneti kukasungidwa m'makompyuta a kampani ina kutali, amati cloud. Mnyamata uja anati anthu a ntchito yawo amayendera lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa mpanda. Tcheyamani anagwedeza mutu mwamphamvu kuti tione kuti ankalidziwa kale.

Kubwezeretsako sikudina batani limodzi monga amachitira m'mafilimu. Seva yatsopano inabwera mbuli, yosadziwa kamera ndi imodzi yomwe. Mnyamatayo anayamba waipatsa fayilo ya makonzedwe, momwe muli mayina a makamera, maadiresi awo ndi za ololedwa kulowamo. Imeneyo anali nayo pa flash yake, ngakhale inali yakale, moti makamera oikidwa pambuyo pake anachita kuwalowetsa pamanja. Kenako anakonza wotchi, chifukwa vidiyo yolemba tsiku lolakwika ikapita kupolisi kapena kukhoti amaikayikira. Pomaliza anayamba kutsitsa za pageti zija. Kamzere ka pa laputopu kankakwawa pang'onopang'ono, ine nditaima kumbuyo, mumtima ndikupemphera m'Chichewa, pankhope ndikumwetulira m'Chingerezi.

Vidiyo inatseguka. Lolemba mbandakucha, mphenzi isanagwe, geti likutseguka, bakkie ikutuluka, makina a kapinga ali kumbuyo atamangidwa bwinobwino ndi chingwe. Woyendetsa anali amuna awo a madamu omwewo, chipewa chili pamutu, mkono uli pawindo. Bamboyo anatsokomola, nkunena kuti anabwereketsa kwa mnzawo wa kuntchito. Madamu anafunsa dzina la mnzawoyo, ndiponso ngati ndi wamwamuna. Apa tonse tinakumbukira ntchito zimene tinazisiya panja. Madzulo ake a nyumba yakumapeto ija ananditumizira keke ndi R200. Makinawo mpaka lero sanabwere.

Vidiyoyi musandipemphe, ngakhale ndikudziwa kuti alamu akanaikonda. Kuno kuli lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kuluma pa 1 July 2021. Nkhope ya munthu ndi nambala ya galimoto yake sizoponya pa gulu la WhatsApp la kumudzi.

Panopa mwezi uliwonse ine ndi mnyamata uja timasankha tsiku mwachisawawa, nkutsegula vidiyo yake kuchokera pa backup kuti tione ndi maso athu kuti ikusewera. Ubwana wa makompyuta mwamvawo ndi umenewu.

Tsopano za kwathu. Munandiuza kuti foni yanu inagwera m'chitsime pamodzi ndi zithunzi zonse za malisiti a simenti ndi malata a nyumba yanga, ndipo mapepala enieniwo inadya mbuzi. Sindikutsutsa, mbuzi za kwathu ndimazidziwa. Koma mauthenga onse a ndalama zimene ndinatumiza pa Mukuru ine ndili nawo kuno, ndi madeti ake. Kuyambira lero lisiti lililonse muzilijambula, chithunzi chibwere kwa ine, china kwa achemwali ku Lilongwe, pepalalo likalowe m'sutukesi ya amayi momwe amasunga zovala za kutchalitchi. Ndalama ya mwezi uno nditumiza ndikaona chithunzi cha nyumbayo, inuyo mutaima pakhomo pake, malata akuoneka.

Ine mphwanu,
wa ku Joni