Za anthu, maloboti ndi apakatimpakati

Mu Okutobala 2017, dziko la Saudi Arabia linapereka unzika kwa Sophia. Musafunse kuti ndi mwana wa ndani. Sophia ndi loboti yopangidwa ndi kampani ya Hanson Robotics ya ku Hong Kong: kumaso ndi mayi wooneka bwino ndithu, koma kunkhongo mawaya ali pambalambanda. Anaimirira pansanja mumzinda wa Riyadh, kumutu kopanda mpango, n'kuthokoza mwaulemu, anthu n'kuwomba m'manja. Nthawi imeneyo mayi weniweni wa ku Saudi, woti anabadwa n'kuyamwa, sankaloledwa ngakhale kuyendetsa galimoto. Lamulo loletsalo linachoka mu Juni 2018, Sophia atakhala kale nzika miyezi ingapo. Anthu ochokera ku Asia ndi ku Africa kuno amene akhetsa thukuta m'dzikolo zaka zambirimbiri, kumanga nyumba ndi kulera ana a eni dziko, mpaka lero akadali alendo. Aliyense amene anapsapo ndi dzuwa pamzere podikira chiphaso amve yekha mmene zikuwawira.

Komatu musaganize kuti makina amapatsidwa umunthu chifukwa chowakonda. Imvani za ku Canada. Bambo wina, agogo ake atamwalira mu 2022, anafunsa chatbot, makina oyankha mafunso, ya pa tsamba la Air Canada za tikiti yotsika mtengo ya anthu opita kumaliro. Chatbot inamulangiza mokoma kuti agule kaye pa mtengo wonse, adzapempha kubwezeredwa pambuyo. Linali bodza la mkunkhuniza, malamulo a kampaniyo sankalola zimenezo. Nkhani itafika kubwalo ku British Columbia, kampani inadziteteza ponena kuti chatbotyo ndi yoima payokha, ndiye iyankhe yokha pa zonena zake. Eee! Ikamagwira ntchito usiku ndi usana popanda malipiro ndi katundu wa kampani, ikanama basi yakula, yatha msinkhu, idzionere yokha. Mu Febuluwale 2024 woweruza anakana zamasewerazo, kampani n'kulipira madola a ku Canada 800 ndi kakusefukira. Kwathu kuno mlandu wotere sukanavutitsa n'komwe a gulupu. Nyakwawa ikanauthetsa pansi pa mtengo: mbuzi ikadya chimanga cha eni, salipitsa mbuzi.

Tsono pali apakatimpakati, amene azungu amawatcha ma cyborg, anthu amene thupi lawo analisakaniza ndi makina. Neil Harbisson anabadwa wosaona mitundu, kwa iye dziko lonse ndi loyera, lakuda ndi lotuwa. Kuyambira 2004 amayenda ndi kamlongoti kochokera kunkhongo n'kupindikira pamphumi, kamene kamasandutsa mitundu kukhala kulira kosiyanasiyana m'mutu mwake. Chofiira chili ndi kulira kwake, chobiriwira kwakenso. Munthu ameneyu musadzayerekeze kumulowetsa m'sitolo ya zitenje, angatuluke atagwira mutu. A ofesi ya mapasipoti ku Britain poyamba anakana chithunzi chake, amvekere pachithunzi cha pasipoti sipaoneka zipangizo. Iye anakakamira kuti si chipangizo, ndi chiwalo, mpaka anamuvomera. Mu 2011 apolisi ku Barcelona, poganiza kuti akuwajambula pa zionetsero, anamuwonongera kamlongotiko. Pokadandaula sananene kuti andiwonongera katundu. Anati andivulaza.

Mnzake wa ku Sydney zinamuthina mwamtundu wina. Dzina lake ndi Meow-Ludo Disco Gamma Meow-Meow. Sindikupeka ayi, anasintha yekha ndipo boma linamulembera lomwelo. Mkulu ameneyu anadula kachipu ka mu khadi yokwerera sitima yotchedwa Opal, n'kukaika pansi pa khungu la dzanja lake mu 2017. Akafika pageti amangogunditsa dzanja, geti n'kumulandira. Tsiku lina oyendera matikiti anamuimitsa. Tikiti ili kuti? Iye n'kutambasula dzanja. Makina awo anawerenga bwinobwino kuti walipira, koma iwo ankafuna khadi yoti aigwire ndi kuitembenuza. Mu 2018 khoti linamulipitsa madola a ku Australia 220, kuwonjezapo 1,000 ya ndalama zoyendetsera mlandu. Atachita apilo mlandu anamufufutira, koma 1,000 ija inamutsalira pakhosi. Yerekezani: loboti yopanda dontho la magazi ikulandira unzika, munthu wamoyo wokhala ndi kachitsulo kochepa kuposa chikhadabo akulipitsidwa chifukwa tikiti yake ili pamalo posayenera.

Ine nkhani yoti cyborg ndi munthu watheka sindiimvetsa. Ngati chitsulo m'thupi chimachepetsa umunthu, nanga mnyamata amene anagwa pa kabaza, madokotala n'kumulumikiza fupa la mwendo ndi chitsulo, timuchotsere magawo angati? Akadwala timakamuzondabe wathunthu, ndipo ngongole zake amabweza zonse.

Ku Japan kuli maliro a agalu a makina. Kampani ya Sony inatulutsa galu wotchedwa AIBO mu 1999, inasiya kumupanga mu 2006, ndipo mu 2014 inasiyanso kukonza owonongeka. Achikulire amene anakhala ndi agaluwa zaka zambiri anasowa mtengo wogwira. Ndiye pakachisi wa Chibuda wa Kofukuji, m'chigawo cha Chiba, anayamba kuwachitira mwambo wa maliro. Agalu amandandalikidwa kutsogolo, aliyense ndi kachikwangwani konena kumene wachokera, wansembe n'kupemphera ndi mtima wonse. Mwambo ukatha, amisiri amawamasula n'kutenga zipangizo zokakonzera agalu ena. Palibe adzukulu, palibe kukumba, ndipo palibe amene amadandaula kuti ndiwo zinachepa kusiwa. Achikulire amenewa sindiwaseka kwenikweni. Chisoni chawo n'chenicheni. Kungoti chisonicho chili mumtima mwa mwini galu, galuyo alibe nacho ntchito.

Za hitchBOT ndinene mwachidule. Kanali kaloboti kopempha lifiti pamsewu. Kanadutsa Canada yense mu 2014, kanayenda ku Germany ndi ku Netherlands, anthu akukanyamula ndi kujambulitsa nako. Mu Ogasiti 2015, katangotha milungu iwiri ku America, kanapezeka ku Philadelphia kopanda mutu, mikono itazulidwa. Pa intaneti panali chiliro. Ambiri mwa olirawo, ndikukayika ngati anaimapo kunyamula munthu wamoyo woimika galimoto.

Mu 2022 injiniya wa ku Google, Blake Lemoine, anacheza kwambiri ndi AI yotchedwa LaMDA mpaka anakhulupirira kuti ili ndi moyo. Inamuuza kuti imaopa kuzimitsidwa, iye mtima n'kusweka. Anafika poiitanira loya kunyumba kwake kuti akambirane. Mu Julayi chaka chomwecho Google inamuchotsa ntchito. LaMDA sinachite sitalaka, sinatumize ngakhale uthenga womupepesa. Amene anayamba kuwerengera za lendi ya nyumba ndi wachifundo uja.

Ndipo mukamaona ChatGPT ikuyankha mwaulemu, osatukwana, dziwani kuti ena anaivutikira. Magazini ya Time inaulula mu Januwale 2023 kuti achinyamata a ku Nairobi, olembedwa ndi kampani ya Sama, ankakhala tsiku lonse akuwerenga ndi kusankhula nkhani zonyansa za kuphana ndi kugwirira, kuti makina aphunzire kuzizindikira ndi kuzipewa. Malipiro ake sankafika madola 2 pa ola, ndipo ena anati zimene ankawerengazo zinkawatsata mpaka kunyumba. Kenako mu Epulo 2025, munthu wina anafunsa pa X kuti magetsi amene amapita pa "chonde" ndi "zikomo" amene anthu amalembera ChatGPT amadya ndalama zingati. Mkulu wa OpenAI, kampani imene inapanga ChatGPT, Sam Altman, anayankha kuti ndi madola mamiliyoni makumimakumi, ndipo sakudandaula nazo. Zikomo ameneyo akanamadutsira ku Nairobi, bwenzi ena atamanga nyumba za malata.

Ku Moscow, mu Julayi 2022, pa mpikisano wa chesi, loboti inkasewera ndi mwana wa zaka 7. Mwana anafulumira kusuntha kanthu kake loboti isanamalize zake, loboti n'kumupana chala mpaka kuthyola. Akuluakulu anathamanga kukamuwonjola. Atafunsidwa, mmodzi mwa akuluakulu a chesi kumeneko anati mwanayo ndiye anaphwanya malamulo, anayenera kudikira. Loboti sanaiitanitse kupolisi, sanaiuze kuti ipepese, ndipo palibe anafunsa kuti inaleredwa ndi ndani. Mwanayo m'mawa mwake anatulukira ndi chikhakha kuchala, n'kupitiriza mpikisano mpaka kumapeto.