Ulemu kwa a Uranus, Mlesi wa M'banja la Dzuwa

Ana akamajambula mapulaneti m'kope, pensulo yofiira imathera pa Mars, luso lonse limathera pa mikombero ya Saturn, ndipo pofika pa pulaneti yachisanu ndi chiwiri dzanja limakhala litatopa. Amangozunguza kampira, n'kulemba dzina, basi. Mwana wanga anachita zomwezo sabata yatha, ine zinandiwawa. Ndiye lero ndiwalankhulireko a Uranus, bambo amene anatulukira nzeru yomwe tonsefe timailakalaka mumtima: kugwira ntchito chogona.

Anzawo amazungulira ataimirira ngati nguli. Dziko lathu linangopendekeka pang'ono, madigiri 23. Koma a Uranus anapendekeka madigiri 98, ndiye kuti anagoneratu chammbali, ndipo ulendo wozungulira Dzuwa amauyenda chogubuduzika ngati dzungu lothawa m'dengu. Akatswiri amaganiza kuti kalekale chinthu china chachikulu ngati dziko lathuli chinawagunda n'kuwagwetsa. Wina akanadzuka, n'kusasa fumbi, n'kukasuma kwa amfumu. Iwowa anangoona kuti pamene agwerapo m'pabwino.

Ndipo taonani phindu la kugonako. Kuti azungulire Dzuwa kamodzi zimawatengera zaka zathu 84. Poti ali chigonere, kumutu kwawo kumawala zaka 42 kumiyendo kuli mdima wa ndiweyani, kenako n'kusinthana. Mwana wobadwira kumeneko kutangoda angakule, kukwatira, mwina n'kunyamula mdzukulu, tambala asanalire. Palibe mayi womugwedeza kuti, "Iwe, kwacha, kasese pabwalo."

Nkhani ya fungo ndiinene ndithu, ngakhale eniake sangakonde. Mu 2018 akatswiri ataunika ndi telesikopu ya Gemini North ku Hawaii, anatsimikiza kuti m'mitambo ya a Uranus muli mpweya wa hydrogen sulfide, womwe uja umatuluka ukaswa dzira losukusa. Ana akamva zimenezi amaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndimangosilira. Ena timawononga ndalama kumanga mpanda ndi kuweta agalu, pamene mkuluyu anangodzikuta fungo. Anawonjezanso chisanu chofika madigiri 224 pansi pa ziro, kuposa cha a Neptune amene amakhala kutali zedi ndi moto. Chilengedwere mlendo wochokera kuno anafikako mmodzi yekha, chombo cha Voyager 2, pa 24 January 1986. Amati mlendo ndi mame, koma uyu sanalonjeredwe n'komwe. Anajambula zithunzi akudutsa, n'kupitirira kwa a Neptune. Kaya mphasa akanamuyalira pati, poti kumeneko kulibe nthaka yopondapo.

Kudzichepetsa kwawo nakonso n'kosowa. M'mimba mwake ndi aakulu kanayi kuposa dziko lathu, koma ali kutali ndi Dzuwa maulendo 19 kuposa ife, choncho amangooneka ngati kadontho kozilala. John Flamsteed anawaona mu 1690, n'kuwalemba m'kaundula wa nyenyezi wamba. Iwo phee, osadandaula. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. A Uranus nyimbo sadziwa, koma amene anawatulukira anali woimba, William Herschel, yemwe ankaliza limba mumzinda wa Bath ku England. Pa 13 March 1781 anawapeza ndi telesikopu yopanga yekha, ali kuseri kwa nyumba yake, ndipo nayenso poyamba anayesa nyenyezi yamchira. Atazindikira kuti wapeza pulaneti, anafuna kuitcha dzina la mfumu yake, George III. Tangoganizani ana a Sitandade 4 akuloweza mokweza mawu: Jupiter, Saturn, George, Neptune! Mwayi wake dzinalo silinamere mizu.

Zonsezi ndinamufotokozera mwana wanga madzulo tikudya. Anamvetsera nsima ili m'manja, kenako anatenga kope lija, n'kufufuta kampira kake, n'kujambula kena kogona chammbali, kokhala ndi timizere ta fungo pamwamba. Ndinagona ndikudzitama kuti ndaphunzitsa sayansi.

M'mawa mwake nditapita kukamudzutsa kuti akonzekere sukulu, mawu anatulukira m'bulangete: "Adadi, kuno kwa a Uranus kwangoda kumene. Mubwerenso pakatha zaka 42."