Musatsegule Bokosilo, Achimwene

Choyamba, ndipo ichi musachiiwale ngakhale atakudzutsani pakati pa usiku: chinthu mwagulacho si chidole. Inde, n'chapulasitiki, manja ake amapindika, chavala kabudula waubweya, ndipo anachipangira mwana wa zaka 6, koma si chidole. Dzina lake ndi action figure. Mawu amenewa anawapeka a kampani ya Hasbro ku America mu 1964 potulutsa msilikali wawo G.I. Joe. Ankadziwa kuti bambo wa kumeneko sangagulire mwana wake wamwamuna chidole, ndiye anangosintha dzina, chinthucho n'kukhala chomwecho. Zaka zoposa 60 zadutsa, bodzalo silinathe mphamvu. Tsono apongozi akadzabwera n'kufunsa kuti, "Kodi zidole zonsezi n'za ana?" inu mudzatsokomole pang'ono, n'kuyankha mwaulemu kuti ndi chuma cha mtsogolo. Ena amaweta ng'ombe. Inu mwasankha kuweta akamba anayi omanga nsanza kumaso, odya pizza.

Muyenera kudziwa mbiri, chifukwa mbiri ndiyo imasiyanitsa wosunga zidole ndi munthu amene mutu wangomuzungulira. Ambiri amaganiza kuti kunayamba katuni, ana n'kuikonda, kenaka anthu achifundo n'kupanga zidole. Ayi ndithu, mwana ndiye anabala make. Kampani ya Mattel inatulutsa He-Man m'masitolo mu 1982, katuni yake ya kampani ya Filmation n'kubwera mu 1983. Maloboti a Transformers anali kale zidole za kampani ya Takara ku Japan. A Hasbro anazigula, n'kuzipatsa mayina atsopano ndi nkhani, ndipo katuni inatuluka mu 1984. Nthawi imeneyo boma la Ronald Reagan linali likumasula malamulo otsatsa malonda kwa ana pa TV, choncho mwana ankakhala pansi theka la ola kuonera chotsatsa malonda, iye n'kumati akuonera nthano. Pamapeto pa gawo lililonse He-Man kapena anzake ankatembenuka n'kupereka mwambo ngati nankungwi: muzinena zoona, muzimvera makolo. Makolowo ankamveredwadi, mpaka pakhomo la sitolo.

Izi zisakukhumudwitseni. Ubwana umene mukufuna kuwombolawu anaukonza anthu ovala mataye m'chipinda cha misonkhano, koma ndi wanu, ndipo muulipira kachiwiri, pamtengo wokwera.

Phunziraninso kusilira umbombo wa a Mattel, chifukwa unali waluso. Chikombole chimodzi cha chifuwa chinkaumba anthu ambirimbiri, monga chikombole cha njerwa chimangira mudzi wonse. Anatenga He-Man yemweyo, n'kumupaka buluu, n'kumutcha Faker, ana n'kulirira kuti awagulire. Kambuku amene He-Man amakwera, Battle Cat, anachokera ku zidole zakale za Big Jim. Ataona kuti wakula kwambiri poyerekeza ndi anthu atsopanowo, anamupaka mtundu wobiriwira, n'kumuika chishalo, basi wasanduka bulu wa mfumu. Beast Man anamumata ubweya wonga ndere n'kukhala Moss Man. Koma mfumu ya onse ndi Stinkor, munthu wooneka ngati kanyimbi, amene mphamvu yake inali kununkha. Anasakaniza mafuta a patchouli m'pulasitiki mwenimwenimo, ndipo ambiri a iwo akununkhabe mpaka lero. Mukamagula Stinkor, mununkhizeni ngati mukugula usipa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno wonunkha kwambiri ndiye wabwino.

Tsopano tifike pa lamulo lalikulu, limene likaphwanyidwa zonse zathera pomwepo. Musatsegule bokosi.

Chidole chimene chinaseweretsedwa, chokhala ndi zipsera za mano a mwana amene anachikonda, n'chotsika mtengo. Chidole chamtengo ndi chimene palibe mwana anachikhudzapo, chimene chakhala m'kapulasitiki kake koonekera, chomatidwa pakatoni, kuyambira m'ma 1980. Eni ntchitoyi amachitcha "mint on card", ndipo amatchula mawuwo motsitsa ngati akutchula dzina la malemu. Musanene kuti n'zachizungu zokhazokha. Kwathu kunali mbale zadongo m'kabati ya magalasi, zodikira alendo olemekezeka amene sanabwere mpaka tonse tinakula tikudyera m'mbale zachitsulo. Amayi anga akanakhala ndi intaneti, bwenzi pano tili ndi nyumba yosanja.

Mukakhala ndi chidole chotere, musakhutire ndi maso anu. Ku America kuli bungwe lotchedwa Action Figure Authority, limene mumalitumizira chidole chanu pamodzi ndi ndalama. Akatswiri amachiyang'ana ngati ogula fodya ku okushoni: ngodya za katoni, utoto wa m'maso, ngati kapulasitiki kachita chikasu. Akatero amachipatsa giredi, malikisi pa 100, n'kuchitsekera m'bokosi lina lolimba loonekera mkati. Ndiye kuti muli ndi chidole m'bokosi, bokosilo m'bokosi linzake, ndipo inu mumagula kabati yoti bokosi lachiwirilo likhalemo. He-Man, munthu wamphamvu kuposa onse m'chilengedwe, ali pa ukaidi wa moyo wonse wopanda apilo, ndipo woyang'anira ndendeyo ndinu, mosalipidwa.

Amene akuona ngati kugula chinthu chosachigwira n'kupusa sadziwa kumene mwambowu unachokera. Pa Khirisimasi ya 1977, kampani ya Kenner inalephera kumaliza zidole za Star Wars panthawi yake. Inagulitsa katoni yopanda chidole, yokhala ndi kapepala kolonjeza kuti zidolezo zidzabwera pa positi chaka chotsatira. Makolo anagula. Lero katoni imeneyo, ngati sinang'ambidwe, ndi chuma. Ndipo Boba Fett wina wa mu Star Wars momwemo, wowombera kamzinga kumsana, amene sanafike n'komwe m'masitolo poopa kuti ana angatsamwidwe nako, anagulidwa pa okushoni mu 2024 pamtengo woposa madola 1 miliyoni. Nkhani imeneyi muiloweze pamtima. Mudzaifuna usiku umene akazi anu adzapeze lisiti la eBay, msika wa pa intaneti, m'thumba la buluku.

Za lisiti, njira yake ndi imodzi: mtengo uliwonse muziugawa ndi 10 musanautchule pakhomo. Ndalama zotumizira ndi msonkho musazitchule n'komwe. Vuto la njirayi limadza pa tsiku la maliro anu, pamene banja lidzagulitse zonse pamtengo umene munkawauza.

Mwina mukufunsa kuti kapulasitiki kamene anapanga mamiliyoni ambiri kangakwere bwanji mtengo. Yankho ndi amayi. Amayi a ku Ohio ndi ku Manchester, ana awo atapita kukoleji, anasesa m'zipinda n'kutaya matumba athunthu kudzala. Ana nawo anathandiza: anathyola manja, anataya malupanga mumchenga, agalu anatafuna mitu. Zochepa zotsalazo ndizo mukulimbiranazi, ndipo nthawi zina kalupanga kokha kamaposa mwini wake mtengo. Choncho mukamva munthu akudandaula kuti amayi ake anamutayira ThunderCats ake onse, mupepeseni ndi nkhope yachisoni, koma mumtima muwathokoze mayiwo. Akweza mtengo wa Lion-O wanu.

N'chifukwa chake muyenera kuchenjera ndi zidole zamakono zimene amalemba pabokosi pomwe kuti n'zosunga. Chinthu chimene aliyense akusunga sichisowa. A Funko, opanga tizidole tamitu ikuluikulu tija, analengeza mu 2023 kuti ataya katundu wa madola osachepera 30 miliyoni chifukwa kumusunga kunkadya ndalama zambiri kuposa phindu lake. Kampaniyo inadzichitira yokha ntchito ya amayi.

Pali chinanso chimene ogulitsa sakuuzani. Pulasitiki imakalamba. Dzuwa limasandutsa zoyera kukhala zachikasu, ndiye tsekani makatani, muzikhala mumdima ngati kadzidzi. Miyendo ya He-Man inalumikizidwa ndi kamphira mkati, ndipo kamphirako kamafooka. G.I. Joe wamng'ono wa 1982 ali ndi kamphira m'chiuno, kakaduka msilikali amagawika pawiri ali m'bokosi momwemo, inu mukuona, osatha kumuthandiza chifukwa kutsegula n'koletsedwa. Ma Transformers ena apulasitiki yagolide amangofumbutuka ngati chigumu chouma. Walira mvula walira matope. Koma za imfa ya zidole musadandaule kwambiri, eni ake anayamba kale: mu kanema wa Transformers wa 1986 anapha Optimus Prime ana akuona, n'cholinga choti mashelefu apeze malo a katundu watsopano. Ana analira m'nyumba zoonetsera kanema, makolo analemba makalata aukali, ndipo mu 1987 malemuyo anaukitsidwa. Nayenso ankagulitsidwa.

Ngati thumba lanu silifika ku eBay, pitani pa kaunjika. Zina mwa zidole zimene amayi aja sanataye kudzala anazipereka kwa osauka, ndipo zimatulukira pa mulu wa pamsika, pakati pa zimbalangondo zothothoka ubweya. Mudzapeza Donatello, mmodzi wa akamba anayi aja, wopanda ndodo, kapena loboti la mwendo umodzi. Musaonetse chimwemwe. Nenani kuti n'ka mwana, ngakhale mulibe mwana, ndipo munenerere ngati mukugula tomato wamadzulo.

Mdani womaliza ndi mwana weniweni. Tsiku lina mlongo wanu adzabwera kudzacheza ndi mwana wake, inu mudzatuluka kukagula zoziziritsa kukhosi, ndipo pobwera mudzamva phokoso la katoni ikung'ambika. Musakuwe. Khalani kaye pakhonde, muwerengetse m'mutu madola amene angouluka. Mukalowa mudzapeza He-Man atakwera nsapato yanu ya kutchalitchi, lupanga lili m'manja kwa nthawi yoyamba m'zaka 40, ndipo mphwanuyo adzakupatsirani Skeletor, amenenso wamutulutsa, n'kunena kuti, "Amalume, inu mukhale woipayo." Landirani ndi manja awiri. Skeletor amalankhulira m'mphuno, ndiye tsinani mphuno poseka. Koma yambani mwatseka chitseko, apongozi ali pabalaza.