Kalata yochokera ku Joni: za chimbudzi cha a Gulupu

Randburg, Johannesburg

Kwa achimwene olemekezeka,

Popeza za umoyo wa mng'ono wawo ndi za kuzizira kwa kuno zinakambidwa kale pa foni, kalatayi ikhudza nkhani imodzi imene singalongosoledwe pa WhatsApp bandulo isanathe, ndiyo ya udindo watsopano umene waikidwa pamwamba pa ntchito yake yokolopa m'nyumba ndi yothirira maluwa.

Achimwene adziwe poyamba kuti m'madera a Randburg, Fourways ndi Sandton, kumene nyumba zambiri zazunguliridwa ndi mipanda ya njerwa yokhala ndi mawaya a magetsi pamwamba, mphaka salondera nkhokwe monga achitira mnzake wa ku Dedza, amene malipiro ake ndi makoswe ndipo kumene amadzithandizira sikunafunsidwepo ndi munthu. Mphaka wa kuno amagona m'nyumba, ali ndi buku lake la kuchipatala, ndipo zoipa zake zimanyamulidwa ndi munthu wa ndevu zake. N'chifukwa chake kamphaka ka masabata 8 kamene amadamu a pakhomo pano anakatenga ku SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza limene limasunganso agalu ndi amphaka osowa mwini, sikangayerekezedwe ndi chiweto koma ndi mfumu imene yangolongedwa kumene, ndipo m'kalata muno kadzatchulidwa ndi ulemu wake kuti a Gulupu. Mswahala wawo, ndiwo chakudya cha m'zitini, zidole ndi ndalama za dokotala, umatuluka mwezi ndi mwezi popanda kuchedwa. Mng'ono wa achimwene, amene anachoka ku sekondale akulota zodzakhala kalaliki, ndiye nduna yoyang'anira chimbudzi.

Chimbudzicho, chimene eni ake amachitcha litter box, ndi beseni la pulasitiki la makona anayi lothiridwa mchenga wogula m'sitolo. Kale anthu a ku America ankathiramo phulusa, dothi kapena mchenga wa kumtsinje, kufikira mu 1947 pamene Edward Lowe wa ku Michigan anayamba kulongedza dongo louma loyamwa madzi m'timatumba ndi kumaligulitsa kwa eni amphaka, ndipo analemera nalo kwambiri, mfundo imene achimwene, amene gawo lina la munda wawo ndi dongo lokhalokha lokana chimanga, ayenera kuiganizira mofatsa. Lero m'masitolo monga Checkers ndi Pick n Pay muli mitundu ingapo. Pali dongo lotchedwa bentonite, limene likakhudzana ndi mkodzo limatupa ndi kuumbika kukhala chibuma chosavuta kuchotsa. Pali timiyala toyera ta silica timene timayamwa madzi ndi kubisa fungo. Palinso tizidutswa ta utuchi wa paini kapena ta mapepala akale topanikizidwa ndi makina. Mphaka wamkulu angalandire mtundu uliwonse, koma mfumu yaing'ono imalawa chilichonse chimene mphuno yake yakhudza, ndipo dongo lotupa lija likamezedwa lingathe kutupanso m'matumbo ndi kutseka njira, kotero kuti madokotala a ziweto amalangiza kuti kamphaka kosafika miyezi itatu kapena inayi kaikiridwe mapepala kapena utuchi wopanda zonunkhiritsa, kuya kwake masentimita 3 mpaka 5. Milomo ya beseni imayenera kukhala yaifupi kuti timiyendo ta a Gulupu tikwere tokha, pakuti mfumu ikachedwetsedwa pakhomo pa chimbudzi mlandu wake umagwera kapeti.

Mwambo wokwirira zoipa a Gulupu sanauphunzire kwa munthu. Mphaka wa m'nyumba anachokera ku mtundu wa vumbwe wopezeka mu Africa ndi ku Middle East, nyama yaing'ono imene imasaka komanso imasakidwa, ndipo imafotsera chimbudzi chake kuti fungo lisaitane adani kapena amphaka aukali kuposa iyo. M'masabata atatu oyambirira kamwana ka mphaka sikatha kudzithandiza kokha, ndipo make amakanyambita kunsi kwa mchira kuti njira zitseguke. Kakakhala kamasiye ntchito imeneyi imachitidwa ndi munthu pogwiritsa ntchito thonje loviikidwa m'madzi ofunda, ndipo mng'ono wawo akuyamika Mulungu kuti unduna unam'peza mfumu itapitirira msinkhu umenewo. Kakakwanitsa masabata atatu kapena anayi kamayamba kupalasa kokha, ndipo chotsalira kwa nduna ndi kulondolera chabe. A Gulupu akangodzuka, akangodya kapena akamaliza kusewera, amanyamulidwa ndi manja awiri ndi kukaikidwa mu beseni, ndipo akayamba kununkhiza pansi, kuzungulirazungulira ndi kulira, nduna imaponya tsache kapena payipi pomwepo ndi kuthamanga, ngakhale madzi atsale akutayika. Amphaka odzimva kuti dera ndi lawo nthawi zina sakwirira n'komwe, pofuna kuti aliyense adziwe mwini nthaka. A Gulupu masiku ena amatero, ndipo amatuluka mchira uli m'mwamba, akuyang'ana nduna yawo ndi diso limene mfumu imayang'anira munthu amene sanapereke nkhuku ya mlandu.

Malo a chimbudzi ali ndi malamulo ake. Sichiikidwa pafupi ndi mbale ya chakudya kapena ya madzi, pakuti mphaka sadyera pamene amadzithandizira. Sichiikidwa pafupi ndi makina ochapira zovala, amene akayamba kugwedezeka mfumu ili m'kati imathawa osadzabwereranso. Sichiikidwanso pa njira ya galu. Lamulo lina, limene amadamu satopa kulibwereza, ndi lakuti mabeseni aziposa chiwerengero cha amphaka ndi limodzi, kutanthauza kuti mphaka mmodzi akhale ndi zimbudzi ziwiri, ndipo popeza nyumbayi ndi yosanja, china chili pansi china chili pamwamba. Ku Diepsloot, kumene mng'ono wawo amapita Lamlungu kukadya nsima ndi anyamata a kwawo, mabanja angapo amadikirirana pa chitseko chimodzi.

M'mawa ndi madzulo nduna imavala magolovesi, imatenga kafosholo koboolaboola, imawola zoipa, imazimanga m'jumbo ndi kuziponya mu bini limene galimoto za Pikitup, kampani ya mzinda yochotsa zinyalala, zimadzakhuthula. Kuzithira m'chimbudzi cha madzi n'koletsedwa, chifukwa dongo limatseka mapayipi. Kamodzi pa sabata mchenga wonse umatayidwa, beseni limatsukidwa ndi madzi otentha ndi sopo wamba, kenaka limayanikidwa padzuwa. Apa m'pamene nzeru zimene munthu anakula nazo zimam'socheretsa, pakuti mankhwala amene aliyense amawakhulupirira pa ukhondo, monga Dettol ndi Jeyes Fluid, ali m'gulu lotchedwa phenol, ndipo chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula bwino mankhwala a gulu limeneli, kotero kuti akawaponda ndi kudzinyambita mapazi angathe kudwala kwambiri ngakhale kufa. Chizindikiro chosavuta kukumbukira ndi chakuti mankhwala amene amasandutsa madzi kukhala oyera mbee asayandikire beseni. Jik nayenso sathiridwa pa mkodzo wosatsukidwa, chifukwa akasakanikirana ndi ammonia wa mu mkodzo amatulutsa mpweya wopweteka maso ndi chifuwa. Nduna imene yapha mfumu yake ndi ukhondo singakhale ndi mudzi wothawirako.

Bwalo la milandu la kuno limaweruza mozondoka. A Gulupu akadzithandiza kuseri kwa sofa samenyedwa, sakalipiridwa, ndipo sakhudzitsidwa mphuno pa zoipazo, pakuti kutero kumangowaphunzitsa kuopa munthu ndi kufunafuna malo obisika kwambiri. Wofunsidwa pabwalo ndi nduna: kodi beseni linali loyera, kodi mchenga unasinthidwa mtundu mwadzidzidzi, kodi chitseko chinasiyidwa chotseka? Wolakwa amagona pa mtsamiro pamene mboni ikukolopa. Malo oipitsidwawo amatsukidwa ndi mankhwala apadera okhala ndi ma enzyme, amene amaswa fungo la mkodzo m'malo mongolibisa, chifukwa mphuno ya mphaka ikamvabe kafungo imaganiza kuti malowo avomerezedwa ndi boma.

Ndunayo imayeneranso kuwerenga zimene yawola. Chimbudzi chabwino chimakhala cholimba pang'ono ndi chabulauni, ndipo chamadzi, chamagazi kapena chokhala ndi njoka za m'mimba chimanenedwa kwa amadamu tsiku lomwelo, pakuti kamphaka kotsegula m'mimba kamatha madzi m'thupi msanga, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi mkaka wa ng'ombe, umene amphaka ambiri akasiya kuyamwa saugaya bwino. Mphaka wamwamuna amene wakhala mu beseni akuyesetsa kukodza, akulira, koma mkodzo osatuluka, amathamangira naye kwa dokotala usiku womwewo, chifukwa njira ya mkodzo ikatsekeka imfa ingabwere m'masiku awiri kapena atatu. Mankhwala a njoka amaperekedwa masabata awiri aliwonse kufikira masabata 12, kenaka mwezi ndi mwezi kufikira miyezi 6, ndipo katemera wa chiwewe ndi lamulo la dziko lino kwa galu ndi mphaka aliyense wokwanitsa miyezi itatu. Mwa awiri amene amatsala panyumbapa masana, a Gulupu okha ndiwo amene mapepala awo ali m'malo mwake.

Magolovesi aja si a mwambo chabe. M'chimbudzi cha mphaka, makamaka wamng'ono kapena wodya makoswe, mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Toxoplasma gondii, kamene mazira ake amafuna tsiku limodzi mpaka masiku 5 kuti akhwime ndi kuyamba kupatsira matenda, n'chifukwa chake kuwola tsiku ndi tsiku kumateteza wowolayo. Kwa munthu wathanzi kachilomboka kawirikawiri sikaonetsa kanthu, koma kwa mayi woyembekezera kangachititse kuti apite padera kapena kuwononga maso ndi ubongo wa mwana, ndipo kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika kamagwira ubongo. Choncho alamu, pokhala ali oyembekezera, asamawole ndi manja phulusa kapena mchenga wa kuseri kwa khitchini kumene mphaka wa amayi amakonda kupalasa, ndipo azisamba m'manja ndi sopo akachoka kudimba.

Mng'ono wawo wamva kwa munthu amene wangotsika basi ku Park Station, osati kwa achimwene, kuti chimbudzi cha amayi chinagumuka ndi mvula ya chaka chino, ndi kuti amayi, ndi mawondo awo aja, akumapempha kwa oyandikana nawo masana ndi kupita kutchire usiku. Sakumvetsa chifukwa chimene nkhaniyi inabisidwira. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo palibe amene waiwala maliro oikidwa mwachangu ndi a zaumoyo, achibale akuonera patali. Munthu amene amatsuka zimbudzi ziwiri za kamphaka m'mawa uliwonse sangapeze tulo akudziwa kuti mayi wake alibe ngakhale chimodzi.

Za ndalama zili motere. Malipiro otsikitsitsa amene boma la kuno linaika mu Malichi 2024 anali R27.58 pa ola, ndipo wantchito wa m'nyumba ali m'lamulo lomwelo, koma munthu amene masiku 30 a mu pasipoti yake anatha kalekale salimba mtima kuwerengera maola pamaso pa bwana, ndipo akaona galimoto ya apolisi pa siteji amaganiza za Lindela, malo a ku Krugersdorp kumene amasungira alendo oyenera kubwezedwa kwawo. Ngongole ya ulendo wobwera kuno sinathe. Kumudzi anthu amawerengera randi mu makwacha ndi kuiona yaikulu, makamaka chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, osakumbukira kuti simenti, malata ndi misomali zinakweranso nthawi yomweyo, ndi kuti wotumizayo ayeneranso kudya.

Ngakhale zili choncho, kumapeto kwa mwezi uno adzatumiza pa Mukuru zonse zimene angakwanitse, m'dzina la achimwene. Ndalamazo si za feteleza, si za chinkhoswe cha munthu aliyense, ndipo sizibwerekedwa. Mlangizi wa zaumoyo aitanidwe khasu lisanakhudze nthaka. Dzenje likumbidwe pamalo okwera, mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, ndipo limangidwe ndi njerwa m'kati kuti lisadzagumukenso. Silabu ikhale ya simenti yokhala ndi chivundikiro. Mpondagiya aikidwe panja pake pamodzi ndi sopo, ndipo njira yake ilambulidwe kuti amayi asapunthwe usiku. Za pasipoti amayi asauzidwe. Achimwene atumize mtengo wa thumba la simenti ndi wa mmisiri Loweruka lisanafike, komanso chithunzi cha dzenje likangoyamba kukumbidwa.

Mng'ono wawo wa ku Joni.